Za Kulera ndi Kusinthana Osewera Mpira M'midzi Mwathu

Mau awa analankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa alimi ndi mafumu a ku Mitundu, Nathenje ndi midzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama.

Nthawi zonse ndikafika pa wailesi pano muyembekeza kumva za manyowa, za akalozera kapena za dibi la ng'ombe. Koma lero nkhani yanga ndi ya mpira, ndipo ndili kupempha akuluakulu kuti musafulumire kutseka wailesi poyesa kuti izi ndi za ana. Ndalama zimene zipita ku mpira m'midzi mwathu ndi zomwe zija za fodya, mtedza ndi soya. Bwalo limene anyamata asewerapo ndi malo amene mfumu inapereka. Ndipo anyamatawo ndiwo adzagwire khasu mvula ikagwa. Chotero nkhaniyi ndi yanu ndithu.

Mudziwa nonse zimene zichitika tikatha kukolola. Kuyambira Juni kufikira mvula yoyamba, Loweruka ndi Lamulungu madzulo mabwalo adzaza anthu, kuchokera ku Nathenje ndi Kamphata, kudzera pa Mitundu, mpaka ku Malingunde. Pabwera munthu wachuma, kapena wofuna mpando wa ndale, naika chikho, nati timu yopambana idzalandira mbuzi, kapena yunifolomu, kapena ndalama. Pamenepo komiti ya timu ya m'mudzi ikhala pansi ndi kunena kuti, "Anyamata athuwa sangathe, tiyeni tikatenge aganyu ku tauni." Asonkhetsa ndalama khomo ndi khomo, wina akwera minibasi kupita ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Likuni, nabwera ndi anyamata anai kapena asanu amene mudzi suwadziwa ngakhale maina ao enieni. Awalipirira ulendo, awaphikira nsima ya nkhuku, awapatsa ya m'thumba. Ndipo mwana wa m'mudzi, amene wakhala ali kuthamanga pa bwalolo madzulo onse chiyambire Meyi, aimirira kunja kwa mzere atanyamula chigubu cha madzi.

Sindikana kuti nthawi zina aganyu apambanitsa. Koma tawerengani bwino. Mbuzi ija mwaipata, inde, koma kawirikawiri ndalama zimene mwaononga ziposa mtengo wa mbuziyo. Sabata yotsatira aganyu omwewo muwapeza atavala majezi a mudzi wa tsidya, chifukwa kumeneko aonjezerako pang'ono, ndipo adziwa kale pamene timu yanu ili yofooka. Chopweteka koposa ndi cha mwana uja wonyamula madzi. Akaimirira kunja kawiri, katatu, sabweranso. Mudzangomva kuti walowa m'nkhalango kukaotcha makala, kapena ali pa kachasu. Pakapita zaka zitatu mudzi utsala ndi chikho pa kabati ya mfumu ndi majezi m'thumba, koma owavala palibe.

Tsono ndifuna kukusimbirani za anthu ena akutali amene anakumana ndi vuto lomweli, la timu yosauka yopikisana ndi olemera, ndi m'mene analithetsera. Ku America kuli masewera otchedwa baseball. Afanana pang'ono ndi raundasi imene ana athu asewera kusukulu. Mbali iliyonse ikhala ndi anthu 9. Wina aponya kampira kolimba, wa mbali inayo akamenya ndi chibonga, nathamanga kuzungulira ngodya zinai za bwalo. Kumeneko masewerawa ndi malonda aakulu, ndipo pakutha pa nyengo matimu awiri opambana akumana pa mpikisano wotchedwa World Series. Malamulo ake musavutike nao. Chimene tifuna ife ndi nzeru ya m'mene timu imangidwira.

M'mzinda wa St. Louis muli timu yotchedwa Cardinals. Pamene bambo wina dzina lake Branch Rickey anayamba kuiyang'anira mu 1917, inali timu yaumphawi, imene inali isanafikepo pa World Series. Masiku amenewo matimu aakulu ankagula osewera kwa matimu aang'ono a m'matauni akumidzi. Rickey anali ndi diso lozindikira mnyamata waluso, koma akangoonetsa kuti wamfuna, mwini timu yaing'onoyo ankadziwitsa matimu olemera, monga a ku New York, ndipo iwo ankapereka mtengo woposa. Rickey anaona kuti pa msika wotere wosauka sadzagula kanthu. Chotero anasiya kulimbana pa msika, nayamba kugula magawo m'matimu aang'ono omwewo, ndi kupangana ndi ena, kuti anyamata osadziwika ndi otsika mtengo azikulira m'menemo ali ake kale. Ankaitana anyamata ambirimbiri kudzayesedwa, nasankha, nawaika m'timu ya pansi. Wochita bwino ankakwera ku timu yotsatira, kukwerabe, mpaka kufika ku Cardinals. Ndipo tamverani dzina limene anthu a ku America anapatsa matimu aang'ono otere: anawatcha mafamu, ndipo mpaka lero awatcha choncho. Anthu a masewera anabwereka mau kwa ife alimi, pakuti anaona kuti wosewera achita kulimidwa.

Zokolola zake zinaoneka. Cardinals inapambana World Series koyamba mu 1926, nibwereza mu 1931, 1934, 1942, 1944 ndi 1946. Pofika 1940 inali ndi mafamu pafupifupi 30. Timu ya 1942, imene inagonjetsa New York Yankees, pafupifupi yonse inali ya anyamata okulira m'mafamu ake. Ndipo popeza mafamuwo ankabala osewera ochuluka koposa amene timu inkasowa, otsalawo ankagulitsidwa kwa matimu ena, kotero kuti amene kale ankabwerera chimanjamanja ku msika anasanduka wogulitsa. Akuluakulu a kuno mudzakumbukira kuti famu ya ng'ombe ya ku Dzalanyama inakhazikitsidwa ndi nzeru yonga yomweyi, pa nthawi ya chitukuko cha zaulimi cha Lilongwe chimene chinayamba mu 1968. Boma linasunga ng'ombe zazikazi zoswa kuti mathole azibadwira pomwepo, ndipo akakula aziperekedwa kwa alimi okanenepetsa m'khola.

Nanga mudzi ungakhale bwanji ndi famu yake popanda madola? Inu alimi a fodya yankho mulidziwa. Palibe mlimi wanzeru amene adikira kuti mvula igwe ndipo ayambe kuyenda m'midzi kugula mbande. Afesa nazale yake kudambo mu Ogasiti kapena Seputembala, nathirira m'mawa ndi madzulo miyezi iwiri kapena itatu, pamene kumunda kulibe kanthu kooneka. Nazale ya timu ndi ana a zaka 10 mpaka 15, aja asewera mpira wachikulunga kuseri kwa sukulu ndi pamsewu. Iwowo alipo kale, sitichita kuwagula. Chimene asowa ndi mpira weniweni umodzi, nthawi yao pa bwalo, ndi munthu wamkulu woleza mtima wowayang'anira. M'midzi yambiri akuluakulu a timu alanda bwalo kuyambira 3 koloko mpaka mdima, ndipo ana akayandikira athamangitsidwa. Apa mfumu ili ndi mphamvu. Inene pa msonkhano kuti masiku awiri pa sabata bwalo ndi la ana, ndi kuti pa tsiku la mpikisano ana ayambe kusewera akulu asanalowe, kuti makolo awaone. Wowaphunzitsa sayenera kukhala katswiri woposa onse ai, pakuti katswiri sachedwa kupsa mtima ndi mwana wolakwitsa. Funani wosewera wakale amene miyendo yatopa, kapena mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale, munthu amene makolo angamkhulupirire. M'mera mpoyamba.

Fesani zambiri. Mlimi afesa mbande zoposa zimene adzaokere, podziwa kuti zina zidzafa ndipo zina adzapakizira. Mwa ana 30 amene muyamba nao, ena adzasamuka, ena adzapita ku sekondale yogonera komweko, ena akakula adzapita ku chikamwini kumudzi wina, ndipo ena adzangotopa nazo. Mukatsala ndi asanu olowa timu yaikulu, mwakolola. Koma mufese chaka ndi chaka. Mudzi umene ulera gulu limodzi lokha labwino usangalala zaka zinai kapena zisanu, kenaka onse akalamba pamodzi monga anakulira pamodzi, ndipo komiti iyambanso kuwerenga ndalama za minibasi.

Ndiponso musafulumire kuzula mbande imene yachedwa. M'mafamu a Cardinals munali mnyamata wina, Stan Musial, amene anamtenga kuti akhale woponya. Mu 1940 anagwa pofuna kugwira mpira, navulala phewa, ndipo kuponya kwake kunathera pomwepo. Ambiri akadamuuza kuti abwerere kwao. Koma omuyang'anira anaona kuti mnyamatayo amenya bwino, namsintha malo. Mu 1941 anadutsa mafamu awiri m'chaka chimodzi nafika ku Cardinals, ndipo anasewera komweko mpaka 1963, nakhala mmodzi wa omenya opambana m'mbiri yonse ya masewerawo. Kwathu kuno mwana aliyense afuna kukhala womwetsa zigoli, ndipo amene samwetsa timuyesa wopanda pake. Muyeseni kumbuyo, muyeseni pakati, muyeseni pagolo. Mwana wamtali wamanyazi amene aphonya chigoli ali pafupi, mwina ndiye wotchinga kumbuyo amene mwakhala muli kukamfuna ku Kawale.

Mbande sizichoka m'nazale zisanakhwimitsidwe. Masabata otsiriza tichepetsa madzi kuti zizolowere dzuwa. Mnyamata wa zaka 16 musamponye koyamba pa masewera otsiriza a chikho, pamene ng'oma zili kulira ndipo anthu ali kutukwana, pakuti akalakwitsa pamenepo mtima usweka. Muyambitseni pa masewera ochezerana, mphindi 20 zotsiriza, pambali pa wamkulu womlankhula. Komanso musamsunge pansi nthawi yaitali poopa kukhumudwitsa akulu. Mbande yokhalitsa m'nazale italika nionda, ndipo sigwira bwino m'munda.

Tsopano tibwere ku za kusinthana. Musandimve ngati ndili kunena kuti mlendo asalowe m'timu. Nazale sibala zonse. Chaka china mudzapeza kuti muli ndi omwetsa zigoli anai koma wapagolo mulibe, pamene mudzi wa tsidya la mtsinje uli ndi apagolo awiri, ndipo wina angokhala pa benchi. Apo kusinthana ndi nzeru, monga mlimi wa nkhunzi ziwiri apereka imodzi kuti apeze msoti. Kusiyana kwa munthu wotere ndi waganyu nkwakuti iye abwera kudzakhala nyengo yonse, achita nanu zokonzekera, ndipo mwampeza popereka chimene munali nacho chochuluka, osati posonkhetsa amai amasiye.

A Cardinals ankasinthana kwambiri, ndipo nthawi zina anakwiyitsa nazo anthu. Atangopambana mu 1926 anapereka Rogers Hornsby, womenya wao wopambana amenenso anali mtsogoleri wa timu, kwa New York Giants, atasemphana ndi mwini timu pa za malipiro. M'malo mwake analandira Frankie Frisch ndi mnzake wina. Mzinda wonse unadandaula. Koma Frisch anasewera nao zaka 11, nathandiza kupambana mu 1931, ndipo mu 1934 ndiye anali mtsogoleri. Rickey ankakhulupirira kuti nkwabwino kulola wosewera apite chaka chimodzi msanga, kusiyana ndi kuchedwa chaka chimodzi mtengo wake utagwa. Mu 1938 anagulitsa woponya wotchuka Dizzy Dean kwa Chicago Cubs pa madola 185,000 ndi osewera atatu pamwamba pake. Mkono wa Dean unali utavulala kale chaka chapitacho, ndipo mphamvu zake zakale sizinabwerenso. Dzina ndilo linakoka ogula.

A Chicago omwewo mu Juni 1964 anachita china choposa pamenepa. Anali ndi mnyamata waliwiro, Lou Brock, amene anali asanakhwime, ndipo anatopa kumdikira. Anampereka kwa Cardinals kuti atenge Ernie Broglio, woponya wodziwika amene anapambana masewera 18 mu 1963. Tsiku limenelo ambiri anati Chicago yachita mwai. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkono wa Broglio unali wodwala, ndipo ku Chicago anangopambana masewera 7 okha m'zaka zitatu, pamene Brock anathandiza Cardinals kutenga World Series chaka chomwecho ndiponso mu 1967, nasewera mpaka 1979.

Inu mukamagula ng'ombe pa msika simumvera za mwini wake zoti inakoka ngolo zingati kale. Muitsegula kukamwa kuona mano, muiyendetsa kuona miyendo. Chitani chimodzimodzi. Wosewera amene mudzi wina uli wofulumira kumpereka, funsani chifukwa chake. Kodi bondo lake lili bwino? Kodi afika pa zokonzekera, kapena aoneka pa tsiku la chikho lokha? Kodi sayambana ndi anzake? Musafunse apampando okha. Funsani amene asewera naye, ndipo kamuoneni kawiri kapena katatu iye osadziwa. Tsobola wakale sawawa: zigoli zimene anamwetsa zaka zisanu zapitazo sizidzawerengedwa chaka chino. Ndipo kupereka mnyamata wanu wa zaka 17 kuti mutenge bambo wa zaka 32 chifukwa cha chikho cha mwezi uno, kuli ngati kupereka msoti kusinthana ndi ng'ombe yofula imene mano atha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuletsani konse, ndicho kutaya mzati wa timu chifukwa cha ndalama zokha, wolowa m'malo musanamkonze. Kumapeto kwa 1919 mwini timu ya Boston Red Sox anagulitsa Babe Ruth, mnyamata wa zaka 24, kwa New York Yankees pa madola 100,000, osalandirapo wosewera ndi mmodzi yemwe. Boston inali itapambana World Series mu 1918, koma inadikira mpaka 2004 kuti ipambanenso. Yankees, imene inali isanapambanepo, inayamba kukolola mu 1923. Rickey ankagulitsa chifukwa ku famu kunali wina wodikira. Wa ku Boston anagulitsa monga mlimi amene atenga mbeu yake kupita nayo ku msika mu Okutobala.

Mwina wina ati izo ndi za kutsidya la nyanja. Tiyeni tibwere kwathu. Mu 2003 ndi 2004 timu ya Bullets ya ku Blantyre inali ndi ndalama zambiri, pamene inkatchedwa Bakili Bullets, ndipo mu 2004, ndi mphunzitsi Kinnah Phiri, inafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Thandizo lija litatha timu inalowa m'mavuto, ndipo posakhalitsa inayamba zaka zambiri zosatenga ligi, mpaka 2014. Pambuyo pake eni atsopano analimbitsa timu yachiwiri, ya achinyamata, ndipo mphunzitsi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, amene anafika mu 2018, sanaope kukweza ana: Hassan Kajoke, Chimwemwe Idana, Charles Petro, kenaka Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 inatenga ligi ndi zikho zitatu pamwamba pake. Mu 2024 inagulitsa Mwaungulu ndi Nkhoma ku Congo. Taonaninso mbali inayo. Chaka chomwecho cha 2024 ligi inabwera kuno ku Lilongwe, kwa Silver Strikers, ndipo pakati pa timuyo pankasewera Idana yemwe uja woleredwa ku Bullets, pamene mphunzitsi anali Peter Mponda, amene kale anali wothandizira Pasuwa. Wina analera, wina anadziwa chimene anasowa nakachitenga, ndipo onse awiri ananyamula chikho pa nthawi yake.

Ndayerekeza kwambiri ndi fodya ndi ng'ombe, monga achitira mlangizi, koma pano fanizo lithera. Mnyamata si ng'ombe. Rickey yemweyo anapitirira muyeso: ankasunga anyamata ochuluka pa malipiro ochepa, ena osawapatsa mpata wokwera kapena wopita kwina, mpaka mu 1938 mkulu woyang'anira masewerawo, Kenesaw Landis, anamasula anyamata oposa 70 a m'mafamu a Cardinals. Mu 1969 wosewera wa timu yomweyo, Curt Flood, atauzidwa kuti wasinthidwa ndipo apite ku Philadelphia, anakana, pakuti sanadziyese katundu wogulitsa. Mlandu unafika ku bwalo lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1972 unamgwera. Koma patapita zaka zochepa osewera anapatsidwa ufulu wosankha kopita akatha zaka zoikika. Chotero inu mafumu, kusinthana kusachitikire pa mowa pakati pa apampando awiri. Mwini wake avomere, ndipo ngati ndi mwana, makolo ndi amalume ake avomerenso. Muone za mtunda, pakuti mnyamata wa ku Malingunde sangathe kufika ku Nathenje madzulo onse. Ndipo mwana wanu akaitanidwa ndi timu yaikulu ya ku tauni, musamtsekereze. Funsani kumene adzagona, chimene adzadya, ndi ngati sukulu ipitirira. Zikalongosoka mlekeni apite. Ana otsalawo akaona kuti njira yochoka pa bwalo lao ifika kutali, adzabwera ambiri.

Zonsezi muzilemba. Kope limodzi likwanira, losungidwa ndi mlembi, lokhala ndi dzina la mwana aliyense, chaka chake chobadwa choona, ndi tsiku limene analowa. Ndanena kuti choona, chifukwa chizolowezi chodula zaka chiononga nazale: bambo wandevu akasewera ndi ana a zaka 14, timu ipambana lero, koma ana enieni sanaphunzire kanthu. Pangano la kusinthana lilembedwenso, mafumu a midzi iwiriyo asainire, ndipo linene ngati ndi la nyengo imodzi kapena lotheratu. Ndeu zambiri zimene zibuka pa bwalo, mpaka woyimbira kuthawira m'chimanga, ziyamba ndi funso lakuti uyu ndi wa mudzi uti, ndipo kope likadayankha. Timu ikakhwima, kailembetseni ku komiti ya mpira ya boma la Lilongwe, imene ili pansi pa bungwe la FAM. Pali chifukwa chake. Malamulo a FIFA anena kuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 a mtengo wake agawidwe kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamazo zitsata kaundula. Timu yosalembetsa, ngakhale ndiyo inamgulira nsapato zoyamba, sionekamo. Sindili kukulonjezani chuma, pakuti ofika kumeneko ndi ochepa kwambiri. Koma kope silidula.

Musaiwale atsikana. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anayamba mpira kwao ku Rumphi. Tabitha anadzera timu ya DD Sunshine kuno ku Lilongwe, napita ku Sweden, ndipo pambuyo pake anamwetsa zigoli zoposa wina aliyense mu ligi ya amai ya ku Italy mu nyengo ya 2022 ndi 2023. Temwa mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America. Akadauzidwa kuti bwalo ndi la anyamata okha, sitikadamva maina ao.

Tsono pempho langa kwa mafumu ndi ili. Chikho chotsatira chisanalengezedwe, itanani komiti ya timu, aphunzitsi a pa sukulu ndi makolo. Gwirizanani za masiku a ana pa bwalo, ndi za munthu wowayang'anira. Ndalama zimene mukadatumiza ku tauni, gulani nazo mipira iwiri ndi kope. Ndipo mukakumana ndi mafumu anzanu a midzi yoyandikana, panganani kuti pa zikho za dera lanu asewere okhawo amene analembedwa nyengo isanayambe, ndipo muuze woika chikho kuti lamulo ndi limenelo. Pakuti mudzi umodzi ukasiya aganyu pamene ena onse ali kuwatenga, komiti yake sidzapirira. Chaka choyamba mwina mudzagonja, ndipo achinyamata ena adzang'ung'udza. Muwauziretu zimenezo pa msonkhano, kuti asadzadabwe. Mvula ikagwa zokonzekera zichepe, anyamata akhale kumunda, ndipo timu ingathe kulima ganyu pamodzi kapena kupempha ndime kwa mfumu kuti ibzale soya wogulira nsapato. Amene afuna thandizo pa za ndimeyo afunse mlangizi wa dera lao.

Sabata yamawa nthawi yonga yomwe ino tidzakamba za kuteteza chimanga kwa anankafumbwe.